Zizolowezi za maganizo pa kugula ndi kugulitsa masheya

Zizolowezi za maganizo pa kugula ndi kugulitsa masheya ndi njira zachidule zoganizira zimene zimachititsa munthu wamba kulakwitsa mobwerezabwereza pa msika wa masheya. Zizolowezizi si umbuli, chifukwa zimapezeka mwa ophunzira ndi osaphunzira omwe. Zimasiyana ndi kulakwitsa kwangozi chifukwa zimakokera anthu ambiri mbali imodzi: ambiri amafulumira kugulitsa masheya amene akwera mtengo, amakakamira amene atsika, amagula ndi kugulitsa pafupipafupi, ndiponso amathamangira kampani imene aliyense akuikamba. Nthambi ya maphunziro imene imafufuza zimenezi imatchedwa behavioural finance pa Chingelezi, ndipo imaphatikiza maphunziro a zachuma ndi a kaganizidwe ka munthu. Kafukufuku wa m'mayiko angapo waonetsa kuti zizolowezizi zimadya gawo lalikulu la phindu limene ogula masheya akanapeza.

Mmene wogula masheya amapindulira

Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Munthu amene wagula masheya amapindula m'njira ziwiri. Yoyamba ndi gawo la phindu limene kampani imagawira eni ake ikachita bwino. Yachiwiri ndi kukwera kwa mtengo wa sheya, kotero kuti akadzagulitsa amalandira zambiri kuposa zimene analipira. Mtengowo ukhozanso kutsika, ndipo palibe amene amadziwa motsimikiza kuti mawa udzakhala pati. Pa kugula kapena kugulitsa kulikonse pamakhala ndalama yolipira kwa buloka, yemwe ndi mkhalapakati wovomerezeka pa msikawo, ndipo m'mayiko ambiri pamakhalanso msonkho. Choncho wogula masheya amasankha zochita asakudziwa zotsatira zake, ndipo apa ndi pamene zizolowezi za maganizo zimapezera mpata.

Mbiri ya kafukufuku

Kwa zaka zambiri akatswiri a zachuma ankaphunzitsa kuti munthu amasankha mwanzeru, atayeza phindu ndi chiopsezo. M'chaka cha 1970 Eugene Fama wa ku yunivesite ya Chicago anafotokoza mwatsatanetsatane ganizo lakuti mitengo ya masheya imakhala itaphatikiza kale uthenga wonse umene ulipo, kotero n'kovuta kuti munthu apambane msika nthawi zonse.

Akatswiri awiri a kaganizidwe ka munthu ochokera ku Israel, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa mbali ina. Mu 1974 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti anthu akamaganizira zinthu zosadziwika amagwiritsa ntchito njira zachidule zimene zimawasocheretsa mofanana. Mu 1979 anatulutsa chiphunzitso chotchedwa prospect theory, chofotokoza mmene anthu amasankhira pakati pa kupeza ndi kuluza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Richard Thaler, Robert Shiller, Hersh Shefrin ndi Meir Statman anatengera maganizo amenewa ku misika ya ndalama. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Terrance Odean ndi Brad Barber anapeza mwayi wofufuza maakaunti enieni a mabanja masauzande ambiri a ku America, ndipo zinatheka kuwerengera ndalama zimene zizolowezizi zimawononga.

Kahneman analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2002, Tversky atamwalira kale mu 1996. Shiller anailandira mu 2013 pamodzi ndi Fama ndi Lars Peter Hansen, ndipo Thaler anailandira mu 2017.

Kuopa kuluza

Phata la chiphunzitso cha Kahneman ndi Tversky ndi lakuti munthu sayeza chuma chake chonse, koma amayang'ana ngati wapeza kapena waluza poyerekeza ndi pamene anayambira. Ndiponso kuluza kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza ndalama yofanana kumasangalatsira. Mu 1992 awiriwa anayerekeza kuti ululu wa kuluza umalemera pafupifupi kawiri ndi pang'ono kuposa chisangalalo cha kupeza.

Pa kuyesa kwina kwa mu 1979, gulu loyamba linauzidwa kuti lapatsidwa ndalama zokwana 1,000, kenako lisankhe pakati pa kulandira 500 yowonjezera motsimikizika kapena kuchita mayere opezera 1,000 kapena osapeza kanthu. Anthu 84 pa 100 alionse anasankha 500 yotsimikizika. Gulu lachiwiri linauzidwa kuti lapatsidwa 2,000, kenako lisankhe pakati pa kuluza 500 motsimikizika kapena kuchita mayere oluzira 1,000 kapena osaluza kanthu. Apa anthu 69 pa 100 alionse anasankha mayere. Ndalama zotsala pamapeto n'zofanana m'mafunso onse awiri. Chimene chinasintha ndi kafotokozedwe kokha. Izi zikusonyeza kuti munthu amasamala akakhala pa phindu, koma amalolera kutchova juga akakhala pa kuluza.

Mu 1995 Shlomo Benartzi ndi Thaler anawonjezera kuti munthu amene amayang'ana mitengo pafupipafupi amaona kutsika kambirimbiri, chifukwa mitengo imakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Kutsika kulikonse kumamupweteka, ndipo mapeto ake akhoza kuthawa masheya ngakhale cholinga chake chinali kusunga ndalama kwa zaka 20.

Kugulitsa okwera ndi kukakamira otsika

Chizolowezi chimene chatsimikizidwa m'mayiko ambiri ndi chofulumira kugulitsa masheya amene akwera ndi kusunga amene atsika. Shefrin ndi Statman anachitcha disposition effect mu 1985. Mwachitsanzo, munthu wagula masheya a makampani awiri pa K100 sheya imodzi. Patapita miyezi, ena akwera kufika pa K130, ena atsika kufika pa K70. Akafuna ndalama ya fizi ya mwana, kawirikawiri amagulitsa a K130, chifukwa kutero kumamuchititsa kudziona kuti anasankha bwino. Kugulitsa a K70 kukanakhala kuvomera kuti waluza, choncho amadziuza kuti adikire mpaka mtengo ubwerere pa K100. Koma funso loyenera si lakuti anagula pa mtengo wanji, koma lakuti ndi kampani iti imene ikuoneka kuti ichita bwino kuyambira lero.

Mu 1998 Odean anafufuza maakaunti 10,000 a ku America a pakati pa 1987 ndi 1993. Anapeza kuti sheya imene yakwera inali ndi mwayi wogulitsidwa woposa wa sheya yotsika ndi pafupifupi theka. Anapezanso kuti m'chaka chotsatira, masheya amene anthu anagulitsa anachita bwino kuposa amene anawasunga ndi 3.4 peresenti. Khalidweli linkasintha mu December mokha, mwezi umene anthu a ku America amagulitsa masheya oluza kuti achepetse msonkho. Zotsatira zofanana zinapezekanso ku Finland, ku China ndi ku Taiwan.

Kudzidalira mopitirira muyezo

Anthu ambiri amadziona kuti ndi aluso kuposa anzawo. Pa kafukufuku wa Ola Svenson wa mu 1981, ophunzira 93 pa 100 alionse a ku America amene anafunsidwa anadziika m'gulu la theka la madalaivala aluso kwambiri, zimene sizingatheke kwa onse. Pa msika wa masheya, kudzidalira kumeneku kumaoneka m'kugula ndi kugulitsa pafupipafupi. Munthu amakhulupirira kuti akudziwa chimene ena sakudziwa, n'kuiwala kuti amene akumugulitsa kapena kumugula akhoza kukhala bungwe lokhala ndi akatswiri ndi makompyuta amphamvu.

Mu 2000 Barber ndi Odean anasindikiza zotsatira za mabanja 66,465 a ku America a pakati pa 1991 ndi 1996. Pa nthawiyo msika wonse unkapereka phindu la 17.9 peresenti pachaka. Banja wamba linkapeza 16.4 peresenti. Mabanja amene ankagula ndi kugulitsa kwambiri ankapeza 11.4 peresenti yokha, ndipo kusiyanaku kunabwera makamaka chifukwa cha ndalama zolipira pa kugula ndi kugulitsa kulikonse. Chaka chotsatira awiriwa anaonetsa kuti amuna ankagula ndi kugulitsa kwambiri kuposa akazi ndi 45 peresenti, ndipo zimenezi zinkachepetsa phindu la amuna ndi 2.65 peresenti pachaka, pamene la akazi linkachepa ndi 1.72 peresenti.

Kudzidalira kumakula chifukwa cha chizolowezi china. Munthu akapindula amati ndi nzeru zake, akaluza amaloza chala boma, buloka kapena tsoka. Amakondanso kuwerenga nkhani zogwirizana ndi zimene akukhulupirira kale n'kunyalanyaza zotsutsa. Msika ukamakwera kwa zaka zingapo, pafupifupi aliyense amapindula, ndipo ambiri amatenga kukwera kwa msika wonse ngati umboni wa luso lawo.

Kukakamira nambala yoyamba

Nambala imene munthu waiona poyamba imakoka kuyerekeza kwake, ngakhale ilibe mgwirizano ndi funso. Pa kuyesa kwa mu 1974, Tversky ndi Kahneman anazunguza gudumu la mayere pamaso pa anthu, lomwe linali lokonzedwa kuti liime pa 10 kapena pa 65. Kenako anawafunsa kuti mayiko a mu Africa ndi maperesenti angati a mayiko a bungwe la United Nations. Amene anaona 10 anayankha cha m'ma 25, pamene amene anaona 65 anayankha cha m'ma 45.

Kwa wogula masheya, nambala yokakamirayo imakhala mtengo umene anagulira kapena mtengo wapamwamba umene sheya inafikapo. Sheya imene inali pa K200 ndipo tsopano ili pa K120 imaoneka yotchipa, ngakhale kampaniyo yataya makasitomala kapena yamira m'ngongole. Momwemonso ena amaona sheya ya K10 ngati yotchipa kuposa ya K2,000. Mtengo wa sheya imodzi paokha sunena kanthu, chifukwa umadalira kuti kampani inagawa umwini wake m'masheya angati. Chofunika ndi kuyerekeza mtengowo ndi phindu limene kampani imapanga pa sheya iliyonse.

Kugula zimene zamveka ndi zaposachedwa

Pa misika ikuluikulu pali makampani masauzande, ndipo munthu wamba sangawafufuze onse. Mu 2008 Barber ndi Odean anaonetsa kuti anthu amagula kwambiri masheya amene angotchulidwa kumene m'nyuzi, amene agulidwa mochuluka tsiku limenelo, kapena amene mtengo wake wasintha kwambiri dzulo lake. Nthawi zina dzina lokha limakwana. Kumayambiriro kwa 2020, mliri wa COVID-19 utachititsa anthu ambiri kugwiritsa ntchito Zoom, mtengo wa kampani ina yaing'ono yotchedwa Zoom Technologies, yosagwirizana ndi Zoom Video Communications, unakwera kwambiri. Mu March chaka chomwecho bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, la SEC, linaimitsa kaye malonda a masheya ake, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ogula ankasokoneza makampani awiriwa.

Anthu amaganizanso kuti zimene zachitika posachedwa zipitirira. Mu 1985 Werner De Bondt ndi Thaler anapeza kuti masheya a ku New York amene anachita moipa kwambiri kwa zaka zitatu anadzachita bwino m'zaka zitatu zotsatira kuposa amene anali patsogolo. Iwo anatanthauzira kuti ogula amatengeka mopitirira ndi nkhani zabwino ndi zoipa zomwe.

Kutsatira gulu

Munthu akaona anzake akupindula amaopa kutsalira, ndipo amatenga kuchuluka kwa ogula ngati umboni wakuti malondawo ndi abwino. Ogula akachuluka mtengo umakwera, kukwerako kumakopa enanso, mpaka ogula atsopano atatha ndipo mtengo umagwa. Zimenezi zinachitika ku London mu 1720 ndi masheya a South Sea Company, ndipo wasayansi Isaac Newton anali mmodzi mwa amene analuza ndalama zambiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, masheya a makampani a intaneti ku America anakwera kwambiri ngakhale ambiri mwa makampaniwo sankapanga phindu. Muyezo wa msika wa Nasdaq unafika pa 5,048 pa 10 March 2000, ndipo pofika October 2002 unali utatsika ndi pafupifupi 78 peresenti. Mu January 2021 sheya ya GameStop, kampani yogulitsa masewera a pakompyuta, inachoka pa mtengo wosakwana madola 20 n'kufika pa madola 483 pa 28 January, anthu wamba atalimbikitsana pa intaneti. Patangopita sabata imodzi mtengowo unali pansi pa madola 100, ndipo amene analowa mochedwa analuza.

Ku Kenya mu 2008, boma litagulitsa gawo la kampani ya mafoni ya Safaricom pa mashilingi 5 sheya imodzi, anthu oposa 800,000 anafunsira masheyawo, ena atatenga ngongole kubanki. Patapita miyezi yochepa mtengo unatsika pansi pa mashilingi 5 ndipo unakhala wotsika kwa zaka zingapo. Amene anagula ndi ngongole anapitiriza kulipira chiwongoladzanja pa masheya otsika mtengo. Pambuyo pake sheyayo inakwera kwambiri, koma phindulo linafika kwa okhawo amene anatha kudikira.

Kukonda zodziwika

Anthu amaona chinthu chimene akuchidziwa ngati chosaopsa. Mu 1991 Kenneth French ndi James Poterba anaonetsa kuti ogula a ku America ankaika pafupifupi 94 peresenti ya ndalama zawo za masheya m'makampani a dziko lawo, a ku Japan 98 peresenti, ndipo a ku Britain 82 peresenti. Ku Finland, Mark Grinblatt ndi Matti Keloharju anapeza kuti anthu amakonda makampani apafupi ndi kwawo ndi amene amalemba malipoti m'chinenero chawo.

Choopsa kwambiri ndi kuika ndalama zambiri m'kampani imene munthu akugwirako ntchito. Ogwira ntchito ku Enron, kampani ya zamagetsi ndi gasi ya ku Texas, anali ataika pafupifupi 60 peresenti ya ndalama za thumba lawo la penshoni m'masheya a kampaniyo. Sheya yake inali pa madola pafupifupi 90 mu August 2000, koma pamene kampaniyo inkagwa mu December 2001 inali pansi pa dola imodzi. Ambiri anataya ntchito ndi penshoni nthawi imodzi.

Kukula kwa zotayika

Umboni wokwanira bwino unachokera ku Taiwan, kumene Barber, Odean, Yi-Tsung Lee ndi Yu-Jane Liu anafufuza malonda onse a msika wa dzikolo a pakati pa 1995 ndi 1999. Anapeza kuti kugula ndi kugulitsa kunkachepetsa phindu la anthu wamba ndi 3.8 peresenti pachaka, ndipo zotayika zonse pamodzi zinali zofanana ndi 2.2 peresenti ya chuma chimene dzikolo limapanga pachaka. Mabungwe akuluakulu ndiwo ankapindula. Kafukufuku wina wa akatswiri omwewa anasonyeza kuti mwa anthu ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo, osakwana 1 pa 100 alionse ndi amene ankapindula chaka ndi chaka atachotsa zolipira. Kusiyana kwa maperesenti ochepa kumakula ndi nthawi. Ndalama yokula ndi 10 peresenti pachaka imawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 7, pamene yokula ndi 6 peresenti imafuna zaka pafupifupi 12.

Pa msika wa ku Malawi

Msika wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kulembedwapo inali NICO mu 1996. Mu 2020 Airtel Malawi inagulitsa masheya kwa anthu pa K12.69 sheya imodzi, ndipo FDH Bank inagulitsa ake pa K10. Makampani olembedwa pa msikawu ndi osakwana 20, ndipo angapo mwa iwo ndi mabanki, kotero munthu akhoza kukhala ndi masheya a makampani anayi koma onse akudalira bizinesi imodzi.

M'dziko limene mitengo ya zinthu imakwera msanga, pali chizolowezi china chofunika: kuyang'ana nambala ya ndalama osaganizira zimene ndalamayo ingagule. M'chaka chonse cha 2023 kukwera mitengo kwa zinthu ku Malawi kunali pamwamba pa 25 peresenti, ndipo mu November chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. M'chaka chotere, sheya imene yakwera ndi 15 peresenti imaoneka ngati yapindula, koma mwini wake akaigulitsa amagula chimanga kapena simenti yochepa kuposa imene akanagula poyamba. Amene wasunga ndalama m'nyumba poopa kuluza amaluzanso, kungoti nambala ya pa ndalamayo siisintha.

Zotsutsa

Si akatswiri onse amene amavomereza kukula kwa nkhaniyi. Mu 1998 Fama ananena kuti misika imatengeka mopitirira nthawi zina ndi moperewera nthawi zina, pafupifupi mofanana, ndipo zambiri mwa zotsatirazi zimazimiririka njira yowerengera ikasinthidwa. Gerd Gigerenzer wa ku Germany amati njira zachidule zoganizira nthawi zambiri zimathandiza, makamaka pamene uthenga uli wochepa. Ena amati anthu ena amagula ndi kugulitsa pofuna chisangalalo, monga amachitira obetcha, ndipo amadziwa kuti akulipirira chisangalalocho. Komanso zizolowezizi sizili mwa anthu wamba okha. Mu 2005 Michael Haigh ndi John List anayesa akatswiri a malonda a pa Chicago Board of Trade ndipo anapeza kuti ankatengeka ndi kuluza kwa kanthawi kochepa kuposa ophunzira a ku yunivesite.

Njira zochepetsera

Kudziwa mayina a zizolowezizi sikuzichotsa, ndipo Kahneman mwiniwake ankakayikira zoti munthu angadziwongolere yekha pongoziphunzira. N'chifukwa chake njira zimene alangizi ambiri amalimbikitsa ndi zoika malamulo pasadakhale, mtima udakali m'malo. Njirazi ndi monga kulemba chifukwa chogulira sheya ndi chimene chingachititse kuigulitsa, kugula ndi ndalama yofanana mwezi uliwonse m'malo moyesa kulosera tsiku labwino, kugawa ndalama m'makampani a mabizinesi osiyanasiyana, kusagula masheya ndi ngongole kapena ndi ndalama imene ifunike posachedwa, ndi kuyang'ana mitengo mwa apo ndi apo. Njira ina ndi thumba logula masheya onse a pa msika mongotsatira muyezo wake, limene John Bogle anayambitsa kwa anthu wamba ku America mu 1976 kudzera m'kampani ya Vanguard. Thumba lotere limalipiritsa zochepa, ndipo limachotsa m'manja mwa munthu chisankho cha sheya yogula kapena yogulitsa tsiku ndi tsiku.